Ulemu wa Ba Patson ndi Mlatho wa pa Chamatope

Ku Shikabeta aliyense amadziwa kuti Ba Patson salandira chinthu ulendo woyamba. Mukawapatsa mpando, amati miyendo ikufuna kuwongoka. Mukawapatsa chikho cha munkoyo dzuwa lili paliwombo, amati angomwa kumene kunyumba, chonsecho kukhosi kuli gwa. Muwaumirize kachiwiri, apo ndiye amalandira ndi manja awiri. Ndi mmene analeredwera: wolumphira chinthu ndi wadyera, munthu weniweni amadikira kuti amuchonderere.

Ulemu umenewu unawayendera bwino moyo wonse. Ukulu wa mpingo anaukana, anthu n'kuwagwira mwendo. Ukhansala anaukana mpaka azimayi anadzakhala pabwalo pawo, n'kunena kuti sachoka. Chimene chinawagonjetsa ndi mtsinje wa Chamatope. M'chilimwe ndi kamchenga koti mbuzi imangodumpha, koma mvula ikagwa umasefukira: ana osapita kusukulu, odwala osafika kuchipatala, feteleza kukhala tsidya lina mpaka chimanga kuchita chikasu. Pa kampeni Ba Patson sanachulutse gaga m'diwa. Analonjeza mlatho basi.

Atapambana anazindikira kuti mlatho subadwira mumsonkhano waukulu wa khonsolo. Nkhani zimaphikidwa m'makomiti, ndipo misewu ndi milatho ili ndi komiti yakeyake. Chipani chilichonse chimasankha chokha makhansala okachiimira kumeneko. Ndiye tsiku logawa malowo Ba Patson analawirira ku Rufunsa, jekete la kutchalitchi lili pathupi, mawu a Ba Ketrina, akazi awo, ali m'khutu: "Mukabwere ndi komiti ya misewu, osati nkhani."

Makhansala a chipani chawo anakumana kuseri kwa lesitilanti ina pafupi ndi msewu waukulu, malole opita ku Chipata akugwedeza malata. Wotsogolera anali Ba Constance, mayi wotumidwa ndi chipani kuchokera ku Lusaka, mafoni awiri m'manja, maso ali kumsewu kuopa kuti minibasi ingawasiye.

"Komiti ya misewu," anatero Ba Constance. "Ba Patson, namvela kwanu kuli vuto ya buliji. Tikuikeni?"

Mtima wa Ba Patson unadumpha ndi chimwemwe. Anaweramitsa mutu, n'kusisita manja bwinobwino.

"Aa, mayi, ine ndine ndani? Alipo anzanga odziwa kundiposa."

Anatero n'kudikira funso lachiwiri.

"Oke, palibe vuto. Ba Festus?"

"Nilipo, niikeni!" anayankha Ba Festus, dzanja lili kale m'mwamba. Ameneyu ndi khansala wa ku Chinyunyu, amene nyumba yake yayang'ana msewu wa tala, ndipo matope amangowamva pa wailesi.

Ba Patson anayang'ana uku ndi uku. Ndithu wina anene kuti iyayi, akulu aja angochita ulemu, afunseninso! Koma aliyense anali kuwerengera komiti yake. Pofika kumapeto panatsala ya misika ndi masiteshoni a mabasi, ndipo imeneyo sanawafunse n'komwe, anangowaponyera. Kumudzi kwawo kulibe msika, kulibe basi.

Ba Patson anawathamangira Ba Constance mpaka pakhomo la minibasi, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, kuja kunali kukana kwa ulemu chabe. Kwathu timafunsa kawiri."

"Ba khansala, nanga ine nizaziba bwanji? Mwakana pamenso pa bantu bonse. Manje nichose Ba Festus? Tizaona chaka chamawa."

Kondakitala anakoka chitseko. Ba Festus, amene anamva zonse, anawasisita Ba Patson paphewa akuseka. "Mudala, mukanakamba chabe!" Koma za kusinthana sanafune kumva.

Ba Patson anapsa mtima njira yonse. Anakwiyira Lusaka ndi liwiro lake, anakwiyira Ba Festus ndi dzanja lawo lopepuka, koma kwenikweni anakwiyira pakamwa pawo pomwe. Atafika kunyumba n'kufotokoza, Ba Ketrina anasiya kupeta mapira n'kuwayang'anitsitsa.

"Ndiye anakupatsani, inu n'kukana?"

"Sindinakane, ndinachita ulemu."

"Nanga pondifunsira ine, ulemuwo unali kuti? Simunadikire kuti ndikufunseni kawiri."

Nkhani inawanda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Palibe anawanyoza pamaso, poti ndi mkulu wa mpingo, koma moni anayamba kufupika.

Chaka chimenecho komiti ya misewu inathira miyala mumsewu wina wa ku Chinyunyu. Ba Patson amakhala m'misonkhano yokangana za chimbudzi cha pamsika ndi poima maminibasi. Akadzutsa za Chamatope, wapampando amawauza mwaulemu kuti nkhaniyo si ya komiti ino.

Mvula inabwera mu Disembala, yamphamvu. Tsiku lina Ba Patson akuchokera kumsonkhano wa chimbudzi uja, anapeza Chamatope atadzaza, madzi ofiira akukokolola zitsa. Anaima ndi njinga yawo, nsapato m'manja. Tsidya linalo kunali anthu a m'mudzi mwawo, ena ndi odwala amene analephera kuwoloka. Kunalinso Langson ndi anzake, amuna amphamvu amene amawolotsa anthu pogwirana mikono madzi akatere.

Langson anakuwa: "Ba khansala! Tibwere tikuwolotseni?"

Ba Patson anali atanyowa, anali ndi njala, ndipo utsi wa kunyumba kwawo amauona. Koma pakamwa panayamba pokha.

"Iyayi, musavutike!"

Anadikira. Langson, amene chibadwire sanalekepo kufunsa mkulu kachiwiri, anawayang'ana pang'ono, n'kuyang'ana odwala aja. Kenako anatembenuka ndi anzake, n'kukwera mtunda kubwerera kumudzi.