Tsiku Limene Mtengo wa Mango Unatukwana Amayi a Mpingo

Ba Lazarous anabadwira ku Nkomeshya m'banja la alimi, koma khasu sanalikonde, nalonso silinawakonde. Atakula anapeza ntchito ya ukalaliki m'boma ku Lusaka, anakwatira Selestina, n'kumanga nyumba ku Silverest.

Atakwanitsa zaka makumi asanu anagula kakompyuta kochepa ngati sopo wochapira, n'kukapachika kuseri kwa firiji. Anakalumikiza ku geti, ku pampu yothirira ndiwo, ndi ku sipika imene anaimangirira mumtengo wa mango. Ali ku ofesi ankangolemba lamulo pa foni, lamulolo n'kudutsa pa intaneti, kakompyuta n'kumvera. Masiku oyamba ankatsegula geti kasanu pa tsiku popanda wolowa, kenako n'kuimbira mkazi wawo.

"Amake Bupe, yaseguka?"

"Yaseguka. Manje nibwezeni ku zochapa zanga."

Mdani wawo wamkulu anali mbuzi za Ba Nason, oyandikana nawo, zimene zinkadumpha mpanda kudzadya repu. Ba Lazarous anakhala Loweruka lonse akulemba sikiripiti, ndiye kuti malamulo angapo oyenda motsatana, n'kuitcha "mbuzi". Ikayamba, geti inkatseguka, madzi ankawaza bwalo lonse, sipika n'kukuwa ndi mawu awo amene anajambula okha, pomaliza geti n'kutseka.

Lachinayi lina Selestina analandira amayi a mpingo. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, choncho amayiwo anayala zitenje pansi pa mango, tiyi ndi vitumbuwa zili pakati. Nthawi yomweyo Ba Nason anaimbira Ba Lazarous kuti mbuzi zathawanso, mwina zalunjika ku repu uja. Ba Lazarous, ataiwala za alendo, anatumiza lamulo lija. Foni sinayankhe. Anatumizanso, n'kutumizanso, mpaka kakhumi ndi kanayi. Sanadziwe kuti magetsi akapita malamulo safa, amangoima pamzere kudikira.

Magetsi anabwera Ba Ednah, akazi a abusa, ali pakati pa pemphero lodalitsa chakudya. Geti inalira n'kutseguka yokha. Madzi anayamba kuwaza. Ndiye m'masamba a mango munatuluka mawu aakulu:

"Chokani apa, imwe bakawalala! Mwabwera futi kudya vaulele? Mulibe kwanu? Fuseki!"

Amayi ena amene anali atanyamula kale chitumbuwa asanamve ameni anachibweza msangamsanga m'mbale. Ena anathamangira ku geti, geti n'kuwatsekera pamphuno. Akubwerera, inatsegukanso, madzi anabweranso, mtengo n'kufunsanso ngati alibe kwawo. Ba Ednah sanasunthe. Anaima duku lili chonyowa, n'kuyamba kudzudzula chiwanda cha mumtengomo, chiwandacho n'kumawayankha fuseki.

Selestina anaimbira mwamuna wake foni.

"Atate Bupe, muli kuti? Mutukana bamai busa!"

"Ine? Nili pa ofesi, nidinda mapepa."

"Muli mumango! Zimyani vinthu vanu!"

Ba Lazarous anamva mawu awo omwe akukuwa pa foni. Analemba lamulo loimitsa zonse, koma nalonso linakaima kumbuyo kwa mzere, kudikira kuti anzake otsala aja athe. Selestina sanadikire. Anakankha firiji yekha, imene masiku onse imafuna anthu awiri, n'kuzula kakompyuta ndi mawaya ake omwe. Geti inaima pakati, ndipo amayi anatuluka chammbali mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja.

Mbuzi zija sizinafike n'komwe. Zinapezeka kumsewu zikudya makatoni.

Lamlungu Ba Lazarous anaimirira kutsogolo kwa mpingo atavala suti ya pa ukwati wawo. Anayamba kufotokoza za mzere wa malamulo ndi intaneti, abusa n'kuwadula kuti angonena pepani. Ananena. Anthu anaseka mpaka oimba kwaya analephera kuyamba nyimbo.

Panja Ba Ednah anawakokera pambali.

"Ba Lazarous, kaja kanthu kangakambe pa nthawi imene munthu afuna?"

"Kangakambe, amai."

"Abusa akayamba kulalikira saona nkoloko. Mungakaike pansi pa guwa?"

Ba Lazarous anakana mwaulemu, ngakhale m'mutu anali atayamba kale kuwerenga mawaya.

Kakompyuta kanakhala milungu itatu m'kabati ya mapoto, kiyi ali pa chitenje cha Selestina. Anakabweza atagwirizana zinthu ziwiri: lamulo likadikira kupitirira mphindi imodzi lizifa lokha, ndipo Lachinayi lililonse foni ya Ba Lazarous izitsala kunyumba. Lachinayi loyamba iwo anakhala ku ofesi akusisita thumba lopanda kanthu, ndipo anzawo akuti ntchito imene anagwira tsiku limenelo inaposa ya mwezi wonse.