Amuna Anga Amanditchula Dzina la Mlongo Wawo Womwalira

Inu owerenga, tsoka langa ndi la mtundu wina. Amuna anga ali moyo, amadya, amayenda, koma sandidziwa. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndinataya nthawi yaitali ndikulimbana ndi mdani wolakwika.

Timakhala ku Liwaladzi. Amuna angawo, bambo a Amina, ankakonza makina kufakitale ya shuga ku Dwangwa mpaka anapuma. Anali munthu wamutu. Injini ikangolira, iwo ankadziwa pomwe pavuta asanaigwire n'komwe. Atapuma tinayamba kulima mpunga, ndipo asodzi ankabwera ndi injini za maboti awo pakhonde pathu.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ankandifunsa chinthu chomwe ndawayankha kale. Tsiku lina anamasula injini ya msodzi wina, n'kukhala pansi akungoyang'ana zitsulozo, osadziwa pobwezera. Mwini wake atabwera, iwo anapsa mtima n'kumati wina waba zitsulo zina. Ine ndinati ndi ukalamba, ngakhale anzawo amsinkhu umodzi anali akupalasabe njinga mpaka kuboma.

Kenako anayamba kunditchula Mwanaisha. Limeneli si dzina langa. Ndikawapatsa madzi osamba ankati, "Zikomo, Mwanaisha," nkhope ili mwee, mwachikondi chimene ndinali ndisanachionenso kwa nthawi. Inu amayi anzanga, mukanaganiza chiyani? Ine ndinati ali ndi mkazi wina ku Dwangwa. Ndikawapanikiza ankangondiyang'ana modabwa, ine n'kumati akudzipusitsa dala. Ndinasamukira kuchipinda cha ana. Achibale ena anati awalodza anzawo akale akuntchito. Anawatengera kwa asing'anga, anatemedwa mphini, koma palibe chinasintha.

Lachisanu lina anavala mkanjo wawo n'kunyamuka kupita kumapemphero a Juma, koma kumzikiti sanafike. Mudzi wonse unawafunafuna. Asodzi ndiwo anawapeza ku Bua, pomwe mtsinje umathira m'nyanja, ataima m'madzi olekeza m'mawondo, pamalo amene aliyense amaopa ng'ona. Atawafunsa anati akudikira bwato la bambo awo. Apongozi angawo anamwalira Amina asanabadwe.

Akulu awo, a Yusufu, atamva anabwera kudzawaona. Tili pamphasa, amuna anga ananditchulanso dzina lija. A Yusufu anaweramitsa mutu, misozi ili chuchuchu.

"Mlamu, Mwanaisha ndi mlongo wathu. Anamwalira ife tili anyamata, inu musanalowe m'banja lino. Ndiye ankatisambitsa amayi akapita kudimba."

Ndinasowa pothawira. Miyezi yonse ija ndinkachitira nsanje munthu wa kumanda.

Mwana wathu Amina, yemwe amakhala ku Lilongwe, anatitengera kuchipatala china chachikulu kumeneko. Dokotala wake anali mayi wodekha. Anawayeza magazi, anawafunsa mafunso, kenako anawapatsa cholembera kuti ajambule wotchi. Munthu amene ankamasula makina aakulu ngati nyumba anaunjika manambala onse mbali imodzi, n'kundiyang'ana ngati mwana wopempha thandizo. Anawaunikanso m'mutu ndi makina.

Dokotala uja anatikhazika pansi n'kutionetsa chithunzi cha ubongo wa amuna anga. Inu owerenga, ndagona pambali pa mutu umenewu moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinaona mkati mwake. Anatilozera malo amene anafota. Anati ubongo ndi timaselo tosawerengeka tolumikizana ngati ukonde, ndipo chilichonse chimene munthu amakumbukira chimayenda m'timaulusi timeneto. Thupi limapanga lokha mapuloteni ena m'menemo, ndipo likatha nawo ntchito limawachotsa. Koma mwa anthu ena mapuloteniwo amapindika molakwika n'kuyamba kumatana. Ena amaundana ngati ulimbo pakati pa maselo, ena amapiringizana mkati mwa selo lenilenilo. Uthenga umalephera kudutsa, ndipo maselo amafa limodzilimodzi.

Ndinamudula mawu. "Adokotala, mwati mapuloteni? Ndiye kuti ndi usipa ndi nyemba zimene ndimawaphikira?"

"Ayi mayi, chakudya chanu chilibe mlandu. Pitirizani kuwapatsa. Awa ndi ena, obadwira m'mutu momwemo. Pachithunzipa saoneka, ndi ang'ono zedi. Ife tikuona zimene awononga."

Anati matendawa ndi mtundu umodzi wa dimenshiya, ndipo zomatazo zimayamba kuunjikana zaka zambiri munthu asanaiwale kanthu. Ndiye kuti pamene tinkavina paukwati wa Amina, iwo akuseka ndi kulonjera alendo aliyense ndi dzina lake, kanthuko kanali katayamba kale ntchito yake mwakachetechete. Anawonjezera kuti malo oyamba kugwidwa ndi osungira zatsopano, n'chifukwa chake zadzulo zimachoka msanga pamene zaubwana zimatsala. Amuna anga sanandisiye. Akubwerera m'mbuyo, ndipo kumene afikako ine kunalibe.

Tinabwerera pa basi. Ndinkangoyang'ana mitu ya anthu odzaza m'menemo, wina akuwodzera, wina akukangana ndi kondakitala, n'kumaganiza kuti m'kabade kalikonse muli mudzi wathunthu: maina a ana, njira yakwawo, mawu a mayi ake. Zonsezo zakoloweka pa timaulusi tosaoneka ndi maso. Ndinachita mantha, komanso ndinazizwa ndi luso la Mlengi.

Mankhwala ochiritsiratu kulibe, dokotala sanatibisire. Anatiphunzitsa kasamalidwe. Ndinabwerera kuchipinda kwathu. Ndinauza asodzi, ogulitsa pamsewu ndi anthu akumzikiti kuti akawaona akuyenda okha awaperekeze kunyumba. Akanditchula Mwanaisha ndimavomera.

Langizo langa ndi ili. Munthu wanu akayamba kuiwalaiwala, kusochera panjira yoizolowera kapena kusintha khalidwe, musathamangire nsanje kapena ufiti. Pitani naye kuchipatala msanga. Dokotala anati kuiwala kwina kumabwera ndi matenda ochizika, ndipo ngakhale kutakhala kosachizika ngati kwathuku, kudziwa msanga kumakupatsani mpata. Ine mpata umenewo ndinautaya. Nthawi imene akanatha kundiuza zofuna zawo pamunda ndi pa ana, nthawi imene ndikanamva dzina langa pakamwa pawo komaliza, ndinali nditawafulatira. Yezetsaninso kuthamanga kwa magazi ndi shuga, poti zimenezi zikalekereredwa zimafooketsa ubongo. Ndipo mukakumana ndi wachikulire wosochera akuyankhula zosamveka, musatole mwala. Mufunseni kwawo, mumugwire dzanja.

Masiku ano amuna anga sayankhula zambiri. Supuni ndimachita kuwagwiritsa. Koma sabata yatha, adhana yoitanira anthu kumapemphero a masana itamveka, anadzuka okha pampando n'kuyang'ana kuchibula, kumene timayang'ana popemphera. Anakweza manja, n'kuyamba kuswali. Mawu onse a Chiarabu amene anaphunzira kumadrasa ali kamnyamata anatuluka bwinobwino, osaphonya ngakhale limodzi. Ine ndinali ndi lichero la mpunga m'manja. Ndinaliika pansi, n'kufunda mpango, n'kukaima pambuyo pawo.