Mphindi Zisanu pa Mlatho wa Denga

Ndimakumbukirabe kulira kwa mvula pa denga la mlatho uja, ndi fungo la matabwa onyowa losakanikirana ndi zitosi za nkhunda. Unali mlatho wa oyenda pansi, wopindika ngati msana wa mphaka, pa kamtsinje ka kuseri kwa mafulati athu ku Croydon. Mzungu wina wokalamba, amene ankayendetsa galu wake pamenepo, anatiuza kuti anaufolera kalekale kuti ufa wochokera kuchigayo cha kutsidya usamanyowe. Ine za ufazo ndinalibe nazo ntchito. Kwa ife mlathowo unali popatsirana mwana, ndipo mwanayo ndinali ine.

Amayi ankagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kutsidyako, pamene bambo ankayamba yawo m'mawa, basi yawo ikuimanso komweko. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kunoko sasiyidwa yekha m'nyumba, a boma akhoza kumutenga, choncho m'mawa uliwonse bambo ankandikokera kumlathoko. Ndinkalumpha thabwa ndi thabwa, kusuzumira madzi m'ming'alu, mtima uli m'mwamba kuti basi ibwera amayi asanafike. Akatulukira, maso ali psuu, makolo anga ankakhala ndi mphindi zisanu zokha. M'menemo ndimo ankapatsirana makiyi, kukangana za mapepala a ku imigireshoni, mwinanso kuseka. Tsiku lina amayi anawongola kolala ya bambo, ine n'kuyang'ana kumbali ndi manyazi.

Nyengo ina yozizira tinapeza atatseka mlathowo ndi mpanda wa waya, ati matabwa awola. Njira yozungulira inali yaitali, moti bambo anayamba kundisiya kwa Anti Nambewe a pansi pathu, amayi n'kudzanditenga bambo atapita kale. Makolo anga anayamba kulankhulana pa timapepala tomata pafiriji, ndipo timapepalato tinkangofupikirafupikira. Mpanda uja ndinadana nawo, ndinkaumenya theche ndikamadutsa.

"Akamaliza kukonza tizikakumananso ndi adadi, eti?" ndinafunsa tsiku lina.

"Vala jekete, mwana iwe, tachedwa," anatero amayi.

Patapita chaka anamanga mlatho wina wachitsulo, wowongoka, wopanda denga. Apo n'kuti bambo atasamukira kale ku Romford, okha. Ndinakula ndikuimba mlandu matabwa owola aja, ngakhale tsopano ndikudziwa kuti sanalakwe. Komabe chitsekereni mlathowo, sindinawaonenso awiriwo ataima pamodzi mphindi zisanu.