Khosi la a Gervasio

Pa Thambani pamamveka kuti a Gervasio, a kabaza aja, khosi lawo limazungulira ngati la kadzidzi. Ati amatha kupalasa njinga chifuwa chitaloza kumsika, nkhope ikuyang'ana kasitomala kumbuyo. Aliyense wonena zimenezi anazimva kwa msuweni wake.

Zoona zake n'zakuti bamboyu amangocheuka pafupipafupi. Anachoka ku Mozambique ali wamng'ono, nthawi ya nkhondo ija, akuthamanga pambuyo pa mayi awo, maso ali kumbuyo kumene kunkalira mfuti. Nkhondo inatha, anzawo anabwerera kwawo, iwo anakwatira mayi Ivete, n'kubereka mwana wawo Cleide, n'kukhazikika konkuno, koma kucheukako kunawakanirira. Analimapo ganyu, anawotchapo makala, kenako n'kupeza njinga. Ngakhale m'tchalitchi amacheuka, ngati Ameni achokera kukhomo.

Zinavuta pamene kadzidzi anasankha mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yawo. Sabata yomweyo a Fyness, akazi a neba wawo a Masauko, anagwa m'malungo. Anthu anasiya kukwera njinga ya a Gervasio. Kumjigo mayi Ivete anamva amayi akunong'onezana zoti nyumba yosunga mbalame yotere siyenera kukhala ndi denga. A Gervasio atamva, anakankhira msima pambali. Munthu anathawapo kale kamodzi, athawirenso kuti ndi imvi?

A Masauko ndiwo anabwera ndi nzeru. Anati kadzidzi ukamamuzungulira amakutsata ndi mutu mpaka kudzipotokola yekha, ndipo mwini wake naye khosi limapindika pomwepo. Anapangana kuti ayese Loweruka m'mawa, mudzi wonse ukuona.

Tsoka silinunkha. Lachisanu a Gervasio, posowa wokwera njinga, anakasenza matumba a manachesi kukweza m'galimoto. Loweruka anadzuka khosi litauma gwa, losatheka kupita uku kapena uku.

"Bambo a Cleide, musatuluke," anatero mayi Ivete, akuwathowa ndi madzi otentha.

"Ndikapanda kutuluka anena kuti ndabisala."

"Nanga mukatuluka chonchi, ngati mwameza mpini?"

Anatuluka. Anthu anali atadzaza kale pansi pa mango, ena atanyamula timiyala mosaonetsera. Kadzidzi anali phee panthambi, maso ali mwatulo. A Gervasio anaima chilili ngati msilikali, akupemphera kuti pasapezeke wowaitana cham'mbali.

A Masauko anavula patapata n'kuyamba kuzungulira mtengo. Mutu wa mbalame unawatsata. Unapitirira phewa, unafika kumsana, n'kupitirirabe pang'ono. Anthu anati "Eee!" Koma a Gervasio, amene maso awo sakanatha kupita kwina, anaona chimene chinachitika. Mutu utafika pomwe umalekera, unabwerera mwamphezi, tembenu, n'kukawadikirira a Masauko mbali inayo. Sunamalize kuzungulira ngakhale kamodzi. Kadzidzi maso ake sayenda ngati athu, n'chifukwa chake amatuma khosi, koma nalonso lili ndi polekezera.

"Onjezerani liwiro, a Masauko, watsala pang'ono!" anakuwa wina.

Anaonjezeradi, mpaka amene anayamba kuona mudzi ukuzungulira anali iwowo. Anapepesuka, n'kukagwera padzala, khwapa! Kadzidzi anawayang'ana ngati akufuna kufunsa za maliro, kenako anauluka kulowera kumitengo ya kudambo, khosi lili bwinobwino.

Ena anaseka, timiyala tija n'kuyamba kugwa pansi kamodzikamodzi. A Gervasio anati apume. Pomwepo mawu anamveka kumbuyo kwawo:

"A Gervasio!"

Anali mayi wina, achemwali awo a Fyness odwala aja. Munthu wocheuka moyo wake wonse uja anatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, ngati ngolo ikukhota. Kuseka kunatha. Mayi Ivete anagwira chitseko.

"Taonani! Khosilo latani?" anafunsa mayiwo, chala chili m'mwamba. "Si inu mumalizunguza ngati mbalame ija?"

A Gervasio anayang'ana anthu amene akhala akuwanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala, kumsika ndi kumaliro.

"Dzulo mumati khosi langa limazungulira. Lero mukuti lalakwa chifukwa silikuzungulira. Mbalame yanu yapita ili bwino, ine andipweteka ndi manachesi. Sankhanipo bodza limodzi, onse awiri sindingasenze."