Nkhope ya pa Mtovu

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene ndalama za kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Pa nthawiyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkakhala ku Chilomoni m'manja mwa amalume anga, a Makwinja, popeza bambo anali atamwalira ndipo mayi anali kumudzi ku Phalombe. Ndikupempha owerenga kuti andilole kufotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane monga momwe inachitikira.

Amalume omwe ndawatchulawa ankasungunula zitsulo zakutha n'kumaumba miphika kuseri kwa nyumba. Akaweruka ankapita kukasewera drafuti pakhonde pa a Saidi, telala wa pafupi ndi msika. Kumeneko anthu ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo, mbali ina zagada, mbali ina zovundikira. Vuto linali lakuti mphepo yotsika m'phiri inkaziulutsa masewera ali mkati, ndipo mikangano inkabuka kawirikawiri. Pa chifukwa chimenechi amalume anaganiza zopanga tizitsulo tolemera ta mtovu, nanena kuti kantchito kotero ndiko koyenera kuti ine ndiphunzirirepo.

Dongosolo la ntchito linali motere. Choyamba ndinakatapa dongo la pachulu, ndinalisakaniza ndi mchenga wosefa, n'kulikanda mpaka litaleka kumata zala. Kenako ndinaliphwatalala ngati chikondamoyo. Pofuna kuti tizitsulo tituluke tozungulira mofanana, amalume ananditulutsira ndalama ya teni tambala, yomwe mbali ina inali ndi chimanga ndipo mbali inayo inali ndi nkhope ya Mtsogoleri wa dziko. Anandilangiza kuti ndiziyamba ndaipaka mwaye kuti isakakamire, kenako ndiziidinda pansi kwambiri m'dongomo ndi chala chachikulu. Dzenje lotsala ndilo chikombole.

Zikombole zoyamba zinang'aluka chifukwa ndinaziyanika padzuwa. Zotsatira ndinaziumitsa pamthunzi, koma chimodzi chinali chikadali ndi chinyezi mkati, ndipo titathiramo mtovu chinalavula. Chipsera chake ndili nacho padzanja lamanzere kufikira lero. Zowonongeka zonse amalume ankaziphwanya n'kuzitaya kudzala. Mtovuwo tinkauchotsa m'mabatire akutha a galimoto n'kuusungunula m'chitini pambaula, ndipo fungo lake linkakhala kukhosi tsiku lonse.

Funso linabuka lakuti mbali ziwiri za masewera tidzazisiyanitsa bwanji, poti mtovu wonse ndi wotuwa. Amalume anatembenuza ndalama ija m'dzanja mwawo nati, "Yankho si ili, mphwanga? Ena chimanga, ena nkhope. Amayi akuivala pansalu, abambo pachifuwa. Ife tikaiumba ndiye ulemu woposa."

Ndikufuna kutsindika kuti ananena zimenezi ndi mtima woona. Anali ndi khadi la chipani, ndipo kumisonkhano sankajomba. Potsatira mawu awo ndinadinda zikombole za nkhope, ndipo zina mwa izo zinang'alukanso n'kupita kudzala. Ndinazidinda ndine ndi chala changa, ndipo nkhopeyo inatuluka bwino moti ngakhale khutu linkaoneka.

Loweruka masana tinapita nato tizitsulo kwa a Saidi. Anthu anatilandira mwansangala. A Bonongwe, mlonda wa pafakitale ina ku Makata yemwe ankadziwika ndi kumenyetsa zitsekerero pabolodi, anasankha mbali ya chimanga, ndipo amalume anatenga ya nkhope.

"Lero mulibe ponamizira mphepo, achimwene," anatero a Bonongwe. "Mukagonja musanene kuti kunja kwaipa."

"Sewerani, inu. Kulondera mageti kwakuzolowezani kuyankhula nokha," amalume anayankha.

A Bonongwe anayamba kudya tizitsulo ta amalume. Chizolowezi cha pakhondepo chinali chakuti chitsekerero chodyedwa ankachiponya pansi pafupi ndi phazi, kuti ana atole masewera akatha. Palibe anaganiza zosintha chizolowezicho. Tizitsulo ta amalume tinagwera m'fumbi kamodzikamodzi, anthu akuseka.

Nthawi yomweyo panafika anyamata a chipani amene ankayendera makhadi pamsika. Wowatsogolera anali Jemusi, mwana wa mnansi wathu, yemwe mayi ake ankaphikira mumphika woumba amalume. Makhadi onse anapezeka. Akutembenuka kuti azipita, Jemusi anawerama.

"Bambo, tasunthani phazi."

A Bonongwe anasuntha. Jemusi anatola kachitsulo, anakapukuta pamalaya, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Mashini a a Saidi anaima.

"Amene mukumuponda apayu mukumudziwa?"

Jemusi anakweza kachitsulo kaja m'mwamba.

"Wapanga zimenezi ndani?"

Ine ndinali nditakhala pansi chapomwepo, dzanja langa lomangidwa kansanza, zikhadabo zakuda ndi mwaye. Amalume anaimirira n'kuima pakati pa ine ndi Jemusi.

"Ndine, mwanawe. Ndapanga ndekha."

"Ine si mwana wanu. Nanga kamnyamatako kapsa ndi chiyani?"

"Phala. Ndi kopusa kameneko, sikadziwa ngakhale kukoleza moto."

Anyamata aja anatitengera kunyumba kuti akaone malo a ntchito. Kumeneko anapeza zikombole zili pambali pa mbaula, nkhope ili yakuda ndi mwaye, m'mbali mwake mopserera. Mmodzi anakafukula kudzala n'kubwera ndi zidutswa: china chinali ndi diso, china chibwano chokha. Anaziyala pamphasa.

Amalume anayesa kufotokoza mwaulemu. Ananena kuti mwaye ndi woletsa kukakamira, kuti chikombole chong'aluka sichisungidwa poopa ngozi, ndiponso kuti umo ndi momwe ntchitoyi imagwiridwira kulikonse. Zonse zimene ananena zinali zoona, koma chilichonse chinkawonjezera mlandu.

"Ndiye mukuvomera," anatero Jemusi. "Mwaidetsa, mwaiwotcha, mwaiphwanya, kenako mwakaipereka kuti anthu aiponde."

Anawamenya amalume pamaso pa azakhali, akazi awo, omwe anangogwira pakamwa. Kenako anawayendetsa wapansi kutsika nawo kumsewu, zidutswa zija atawasenzetsa m'chitini chosungunulira mtovu. A Bonongwe anatengedwanso tsiku lomwelo, koma iwo anabwerako sabata isanathe. Amalume sanabwere.

Azakhali anayenda m'maofesi osiyanasiyana kufunsa kumene amuna awo anasungidwa, mpaka munthu wina wachifundo anawalangiza kuti aleke kufunsa. Anansi analeka kudzapala moto kwathu. Pakhonde pa a Saidi drafuti inatha. Ine ndinasiya sukulu n'kuyamba kunyamula makala, ndipo kulemba kumene mukukuonaku ndinakuphunzira pambuyo pake pokopera makalata a ena.

Amalume anatulutsidwa m'ndende patapita zaka. Anafika masana ena atavala malaya a munthu wina, mano akutsogolo palibe, akutsokomola. Manja awo ankanjenjemera moti sankatha kugwira kapu, ndipo chitini cha chitsulo chamoto sanachigwirenso. Tsiku lina ndikuwasambitsa kumsana ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati kumeneko anafunsidwapo za ine.

"Ankafunsa," anatero. "Ankati chala chimene chinadinda muja n'chaching'ono."

"Ndiye munkati chiyani, amalume?"

"Ndinkawaonetsa chala changa chakumapetochi. Thira madzi, akuzizira."

Anamwalira dzinja lotsatira, ndipo pamaliro panabwera anthu ochepa.

Pomaliza, ndikufuna kunena zimene ndikuzimvetsa tsopano. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti amalume ananama pofuna kundipulumutsa. Nditakula n'kukhala ndi malo angaanga osungunulira zitsulo ku Ndirande, ndinazindikira kuti m'maganizo mwawo sanali kunama. Ntchito ya wophunzira mwini wake ndi amene akuphunzitsa, ikhale yabwino kapena yoipa, ndipo iwo anasenza yawo mpaka kumanda osandigawirako. Anyamata ambiri adutsa m'manja mwanga, ena osamala, ena aphuma. Munthu akabwera ndi mphika wodontha, atakwiya, n'kufunsa kuti wathira chitsulo chake ndani, anyamatawo amadziwa kale kuti sayenera kuyankha. Ndimawatuma kukatapa mchenga, ndipo ndimatuluka ndekha.