Puleti Yopindika ndi Makadi a Ukwati wa Mlamu Wanga

Nditakwatiwa ku Vinthukutu, chinthu choyamba chimene abale a amuna anga anadziwa cha ine n'chakuti sinditha kuwokera mpunga. Kwathu ndi ku Dedza, kwa mbatata ya kachewere ndi nyemba, ndipo kuno ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi wa ku pulayimale. Tsiku limene ndinalowa m'munda wa apongozi anga aakazi, matope anandigwira mpaka m'mawondo, ndipo mbande zonse zimene ndinabzala zinayandama ndisanafike n'kumapeto kwa mzere komwe. Amama, poti ndi mmene tonse timawatchulira, sanaseke. Anangonena m'Chitumbuka kuti aphunzitsi akakhale pamthunzi, manja awo ndi a pepala.

Mawu amenewo anandikhala pamtima zaka zisanu ndi chimodzi. Akazi a ana awo ena ankawatchula mkamwana, monga amatchulira mtengwa kuno. Ine ndinali "asambizgi", ndiye kuti aphunzitsi, ngati mlendo wobwera kudzachita kalembera. Zinkandipweteka, sindibisa.

Makina anga odulira mapepala ndinawapeza ku Karonga boma, pa munthu wina wogulitsa katundu wa kaunjika wochokera ku Tanzania. Iye mwini ankati ndi ophwanyira chinangwa. Ndi kanthu kolemera, kokhala ndi chopukusira pambali, ndipo m'kati mwake muli zitsulo ziwiri zozungulira, china pamwamba china pansi. Umatenga pepala n'kuikapo kachikombole kachitsulo kakuthwa, zonsezo n'kuzitsekera pakati pa mapuleti awiri a pulasitiki yolimba. Ukapukusa, zitsulo zija zimafinya, pepala n'kutuluka mbali inayo litadulidwa m'maonekedwe a chikombolecho. Panalinso kachikuto ka pulasitiki kotseguka ngati buku. Ukaika pepala m'menemo n'kupukusa, limatuluka litadindidwa ngala za mbewu zotumphuka, zoti chala chimazimva. Buku la malangizo panalibe. Ndinaphunzira ndekha, podula zilembo ndi timaluwa tomata m'kalasi mwanga.

Mlongo wawo wamng'ono wa amuna anga atapeza banja, abale anakhala pansi kugawana ntchito za ukwati. Uyu nkhuni, uyu mpunga, awa kuphika. Dzina langa silinatchulidwe, mpaka munthu wina anati aphunzitsi adzalandire alendo pakhomo, poti amatha Chingerezi. Ine mtima wanga ndi wapafupi, pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Ndinangomva ndanena kuti makadi oitanira anthu ndipanga ndine, zana lathunthu, okhala ndi mphepete zamaluwa, ndipo adzagawidwa Lamulungu likubwerali potuluka m'tchalitchi. Amama, amene maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, anatembenukira kumene kunachokera mawu anga n'kunena kuti tidzaona.

Mawu a m'makadimo ndinakasindikizitsa ku Chilumba, pa mapepala okhuthala a mtundu wa mkaka. Mapepala a mtundu umenewo anathera pomwepo. Ndinali ndi zana limodzi ndi khumi apadera, basi.

Lachinayi nditaweruka kusukulu ndinayala zonse patebulo. Unali Okutobala, malata akulira ndi dzuwa, thukuta likuyenda kumsana ngati nyerere. Khadi loyamba linatuluka litadulidwa m'mbali, koma pakati chikombole chinangolembapo mzere osaboola. Ndinayesa kukoka ndi zala, linang'ambika. Khadi lachiwiri chimodzimodzi. Ndinati mwina mphamvu yachepa, ndiye ndinawonjezera chidutswa cha katoni ya sopo pakati pa mapuleti. Chopukusira chinauma gwa. Ndinachikakamiza ndi manja awiri, tebulo likuyenda, mpaka zinatuluka, koma osadulikabe bwino, ndipo pepala limene ndinaliika m'kachikuto kaja linatuluka litasweka m'mizere yonse ya ngala zija. Dzuwa lisanalowe, makadi asanu ndi limodzi anali pansi.

Ndinafufuza pafoni. Ndinapeza manja a mayi wina wa kunja, zikhadabo zopaka utoto, akuonetsa makina ofanana ndi anga. Malangizo ake anali akuti ukaona zovuta ugule mapuleti atsopano. Ndinamuyankha mokweza ngati akundimva, kuti mayi inu, bwerani mudzandionetse sitolo yake ku Vinthukutu kuno. Bandulo inatheranso pomwepo.

Lachisanu masana kunabwera alamu anga aakulu, akulu awo a amuna anga, amene amagwira ntchito pa chigayo cha mpunga. Anafika ali mbuu ndi gaga mpaka m'nsidze, sipanala ili m'thumba la ovolosi. Nkhani inali itawapeza kale, poti kuno ukayetsemula m'nyumba, a kumsika amayankha.

"Alamu, ndamva kuti fakitale yaima," anatero akukhala pampando osauzidwa. "Bweretsani kuno ndiitsegule."

"Alamu, mukakhudza bawuti imodzi yokha, ukwati uno udzakhala ndi maliro."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali nditawakumbatira makinawo ngati mwana wodwala. Ndimawadziwa alamu anga: wailesi ya Amama anaitsegula chaka china, mpaka lero zotsala zake zili m'chitini. Ataona kuti sindikusuntha, anaimirira n'kukutumula gaga pampando wanga.

"Chabwino, safunsa anadya phula. Koma kuchigayo kwathu, mphira zopunthira zija zikadyeka mbali imodzi sitiitana munthu wa ku Mzuzu. Timangozisinthanitsa, iyi uku, iyo uko. Chinthu chogwira ntchito mbali imodzi chimapendama, alamu."

Ndinawauza kuti anga si makina a mankhusu, ndipo anapita akuimba kamluzu. Koma atangotuluka, mawu awo anatsala m'nyumbamo. Ndinatenga puleti imene chikombole chimadulirapo n'kuiika pa simenti. Ndinaidina ndi chala kumapeto, mbali inayo inadzuka. Inali itapindika ngati mbale ya pulasitiki yosiyidwa padzuwa, kungoti pang'ono, moti m'manja sindinkaona. Nditaitembenuza ndinachita manyazi ndekhandekha. Mbali imodzi inali yokalikakalika ndi mabala a zilembo ndi timaluwa ta zaka ziwiri. Inayo inali yosalala, yonyezimira, yopanda ngakhale kachipsera.

Ndinkachita dala zimenezo. Ndinaleredwa m'nyumba imene makapu abwino amakhala m'kabati kudikira alendo, ndipo chitenje chatsopano chimagona m'sutikesi mpaka njenjete zitachilawa. Mipando yanga mpaka lero ili ndi nsalu zophimba. Ndiye puleti ija nditaigula, ndinaona kuti chikombole chikuisiyira mabala, ndipo ndinaganiza kuti mbali imodzi ivutike, inayo ndiisunge. Ndinkaisungira yani, sindikudziwa. Zaka ziwiri zitsulo zinkaifinya kuchokera mbali imodzi yokhayokha, kutentha kwa kuno n'kumathandizira, mpaka inagonja. Wowononga makina anali ine ndi ukhondo wanga.

Kulira ndinalira pang'ono, kenako ndinakoleza mbaula. Ndinaganiza kuti chimene chapindika ndi kutentha chingawongokenso ndi kutentha. Ndinawiritsa madzi, kuwathira m'beseni lachitsulo, n'kumizamo puleti ija mpaka inatentha moti ndinaivuula ndi nsalu. Ndinaiika pakati pa mashelefu awiri amene ndinasolola m'kabati yomwe ija ya makapu a alendo. Chinatsala chinali cholemera chopsinjira, ndipo cholemera chenicheni pamudzi ponse chinali m'nyumba ya Amama, matumba a mpunga wa ukwati.

Ndinathamanga nazo zisanazizire. Amama anali pakhonde akusankha nyemba ndi zala, osayang'ana. Ndinagwada n'kupempha kuti ndiike kanthu pansi pa matumba awo mpaka mawa.

"Mpunga wanga uchite nawo chiyani mapepala anu, asambizgi?"

"Ungogonapo, Amama. Palibe china."

Anaitana mkwatibwi kuti andithandize kunyamula. Tinasanjikapo matumba awiri. Mkwatibwiyo anandinong'oneza kuti ngati zavuta tingouza anthu pakamwa, iye sadandaula. Ndinaona m'maso mwake kuti akunama.

Loweruka m'mawa ndinakaichotsa. Ndinaiika pa simenti pomwe paja, n'kuidina kumapeto. Inangokhala phee. Ndinaidina ku ngodya zonse zinayi, osagwedezeka.

Apa ndiye panali povuta. Ndinayenera kuika chikombole pa mbali yoyera ija. Ndinaiyang'ana komaliza, nkhope yanga ikuonekeramo, ndipo ndinati iwe, alendo ako afika lero. Katoni ya sopo ndinaitaya, m'malo mwake ndinaikamo chikuto chopyapyala cha kope la kusukulu. Ndinapukusa pang'onopang'ono. Munamveka kuthetheka, the the the, ngati munthu akuponda nthambi zouma. Kale phokoso limenelo linkandiopsa, koma ndi kulira kwa chikombole chikamaboola pepala n'kuluma puleti. Nditatsegula, khadi linagwa lokha m'chikombole, mphepete zake zonse zamaluwa zili bwinobwino, pakati pomwe podulidwa. Ndinavina ndekha m'chipindamo, mayi wamkulu ndithu, chitenje chikumasuka.

Kusweka kwa ngala kuja ndinakupezeranso nzeru. Pepala linali louma kwambiri ndi dzuwa, ndiye ndinkalipukuta kumbuyo ndi kansalu konyowa kofinyidwa zolimba, n'kudikira pang'ono lisanalowe m'kachikuto. Limodzi ndinalinyowetsa mopitirira, inki inayenderera, ndipo ndinatsala ndi apadera atatu okha. Kuyambira pamenepo ndinadekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makadi asanu alionse ndinkatembenuza puleti, uku kasanu, uko kasanu, ndikuwerenga mokweza ngati ndili ndi ana a sitandade wani. Pofika nthawi imene ng'ombe zimabwerera kukhola, phewa langa lamanja linali litafa, koma patebulo panali milu khumi ya makadi khumikhumi.

Alamu a kuchigayo anadutsa, anatola limodzi, analitembenuza uku ndi uku. "Ndiye kuti mwasinthanitsa mphira," anatero. Ndinawayankha kuti mphira n'za kwawo, koma tiyi ndinawapangira, wa mkaka, m'kapu ya alendo.

Khadi loyamba ndinapita nalo kwa Amama. Ndinagwada n'kulipereka ndi manja awiri, ngakhale ndinkadziwa kuti zilembo sangazione. Analiyandikitsa kumaso, kenako analitsitsa pamiyendo. Chala chawo chinayenda m'mphepete, chinalowa pakati, n'kuima pa zotumphuka zija. Chinabwerera, n'kuyendanso pang'onopang'ono, njere ndi njere, kukwera mpaka kunsonga ya ngala.

"Uwu ni mpunga," anatero.

Ine ndikuganiza kuti amene anapanga kachikuto kaja ankajambula tirigu wa kwawo.

"Wakhwima bwino. Mizere yake yowongoka." Anapitiriza kusisita. "Wabzala ndani?"

"Ndine, Amama."

Khadilo analikulunga m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kundiuza kuti makadi onse ndibwere nawo kwa iwo m'mawa. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndakhoza kapena ndalakwa.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ntchito yogawa inali ya alamu a kuchigayo, koma Amama anawalanda. Anaima pansi pa mtengo wa mango ndi thumba la makadi, alamu akuwawerengera maina okha. Mayi aliyense akafika, Amama sankamupatsa msanga. Ankamugwira dzanja, n'kuyendetsa chala chake pa ngala zija, mpaka mayiyo avomere kuti ndi mpungadi. Mzere unatalika, ena akuseka, ena akufunsa ngati makadi otere achokera ku Mbeya kapena ku Lilongwe. Ine ndinaima chapatali, ndikunamizira kukonza duku.

Ndiye mayi wina wa m'kwaya anafunsanso kachiwiri kuti agula kuti. Amama anakweza mawu, ndipo anayankha m'Chichewa chawo cholemera, chimene sankachiyankhula kawirikawiri, kuti ine ndimve bwino ngakhale ndinali kutali.

"Sitinagule. Wapanga ndi mkamwana wanga. Ali kuti? Mkamwana, bwera kuno akuone."

Akazi a azilamu anga awiri anatembenuka, aliyense akuganiza kuti akuitanidwa ndiye. Ine ndinaima pomwepo ngati wogontha, chifukwa dzinalo ndinali ndisanaitanidwepo nalo. Mpaka mkwatibwi anandikankha kumsana, n'kundiuza kuti alamu, akunena inu.