Mabatani anayi amene sindinawakhudze

Ena mwa inu mudzati ndapeka, koma ndine munthu wosakonda kuyankhula zambiri, ndipo nkhani ngati iyi ndingaipekerenji, poti ikundichititsa manyazi ine ndemwe?

Zinachitika kuno ku komboni ya Mtendere, zaka zija timashopu ta makompyuta tinayamba kuphuka paliponse. Ine ndinkaphunzitsa kompyuta pa kakoleji kena m'tauni, mkazi wanga ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pamsika. Kangapo konse anandipempha kuti ndimuphunzitseko, ine n'kumangoti mawa, ndatopa. Kenaka anadwala, ndipo tisanakwanitse zaka zitatu m'banja, ndinamuika m'manda.

Patapita miyezi iwiri, alamu anga, akulu ake a malemu, anandibweretsera kafulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, kamene anakapeza m'chikwama chake pogawa zovala. Loweruka masana ndinakalowetsa m'kompyuta yanga. Munali fayilo imodzi yokha ya masilaidi, aja timaonetsa pakhoma pophunzitsa, ndipo patsamba loyamba panali mabatani asanu otuwa, opanda mawu alionse.

Sindinadine kanthu, anzanga. Ndinangosuntha mausi, kamuvi n'kudutsa pamwamba pa batani loyamba. Pomwepo batanilo linasanduka lobiriwira, ndipo m'chipinda mwanga, momwe munali ine ndekha, mkazi wanga anatsokomola, n'kundiitana monga ankandiitanira akafuna kundiseka: ba ticha.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangozindikira ndili panja wopanda nsapato, amayi a nyumba yoyandikana nafe atasiya kuchapa akundifunsa kuti ba neba, mwaona njoka kapena ni chani? Ndinawayankha kuti kulibe, n'kutentha chabe.

Mtima utatsika ndinadziseka, chifukwa ntchito imeneyi ndimaidziwa. Umapanga masamba awiri ofanana, lachiwiri batani lake n'kulisintha mtundu, kenaka umauza batani loyamba kuti kamuvi kakangolikhudza, lidumphire kutsamba lachiwirilo ndi kuliza mawu amene unajambula. Si mzukwa ayi. Koma nanga iyeyo, munthu wosadziwa ndi kuyatsa komwe, anazidziwira kuti?

Ndinabwerera, ndinamvetseranso. Apa m'pamene ndinamva chimene mantha anandibisira poyamba. Atangoti ba ticha, mwamuna wina anayankhula chapafupi, akumuuza kuti kambani futi mayo, simunamveke. Ndipo mkazi wanga anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera pansi pamtima, kumene ine sindinakumve m'nyumba mwanga chaka chonse cha matenda ake.

Ndinatsegula mkati mwa fayiloyo kuti ndione kapangidwe. Kumbuyo kwa batani kunali kabokosi kosaoneka kobwezera mtundu wake kamuvi kakachokapo, koyalidwa mwaudongo kuposa mmene ine ndimachitira. Linali dzanja la mwamuna wodziwa ntchito, amene anakhala pafupi ndi mkazi wanga, mwina dzanja lake pamwamba pa la iye, akumuonetsa kagwiridwe ka mausi. Kodi munachitirapo nsanje munthu amene ali m'manda? Sungamufunse, sungamukalipire, sangakane.

Mabatani anayi otsalawo ndinawaopa. Ndinati m'menemo muli zina zimene sindingazipirire. Ndinafufuta fayiloyo, ndipo poti sukulu ndinapitako, sindinafufute mwachibwana: ndinapukuta kafulashi konse, n'kudzazamo zinthu zina kuti pasapezeke katswiri wozibweza.

Lolemba ndinafunsa alamu anga, ndipo anati malemu ankakonda kulowa m'kashopu kena kojambula mapepala kuseri kwa msika. Ndinatenga sipanala yaikulu, ndinaiika m'jekete. Musandifunse kuti ndinkafuna kukachita nayo chiyani, ine wosamenyapo munthu chibadwire.

Mwini shopuyo anali wa msinkhu wanga, wamtali, wovala kachipewa ka Chisilamu, ndipo atangotsegula pakamwa ndinawazindikira mawu aja. Ndisananene dzina langa anaimirira, nati ndimwe ba ticha, pepani maningi, maliro ninamvela mochedwa. Anandikokera mpando. Anati mkazi wanga anabwera kasanu, tsiku lililonse batani limodzi, masiku ena akulephera ndi kukwera komwe kasitepe ka pakhomo. Ankati akufuna kudabwitsa amuna ake ophunzira, aone kuti nayenso angathe. Tsiku loyamba lokha ndi limene anamuthandiza kujambula mawu. Masiku enawo ankamuthamangitsira panja, amvekere chokani, ivi ni va ba ticha beka, kutanthauza kuti zinali za ine ndekha. Pomaliza anamuumiriza kufufuta zonse m'kompyuta ya m'shopumo, iye ataimirira pomwepo.

Kenaka anandifunsa ngati ndinamvera batani lachisanu, chifukwa tsiku limenelo mkazi wanga anakhalitsa mkatimo, ndipo anatuluka maso ali ofiira.

Dzanja langa linali m'jekete, litagwira chitsulo chija, thukuta lili noninoni. Ndinamuyankha kuti inde, ndinamvera. Anamwetulira, nati ndiye bwino, mtima wa malemu unagona.

Ndinayesa akatswiri atatu m'tauni kuti andibwezere fayilo ija. Onse anandiuza zimene ndinkazidziwa kale.

Ndisakunamizeni kuti nsanje inatha. Mpaka lero ndikamuona munthu uja pamsika, ndimayang'ana kumbali, chifukwa anapatsa mkazi wanga masana asanu amene ine ndinamumana. Koma sindikhulupiriranso kuti anandilakwira. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti choopsa cha tsiku lija sichinali mawu a wakufa. Chinali munthu wodekha, wophunzira, woyenda pakati pa msika dzuwa likuswa mtengo ali ndi sipanala m'thumba.

Inu amene mwasiyidwa, mukapeza kanthu ka malemu kamene kakuwawitsani mtima, katsekereni m'kabati, kiyi mukapatse m'bale wanu, papite mwezi. Wamoyo mukamukwiyira angathe kubwerezanso zimene amafuna kukuuzani. Wanga uja ananena kamodzi kokha.